Mtsinje Umene Unakana Kundithamangitsa

Amuna anga anamwalira m'chaka chachitatu cha chilala, mwezi wa Okutobala. Manda awo anavuta kukumba. Okumba anathyola mpini wa khasu, mpaka anakabwereka piki kwa anthu okonza msewu, ndipo dothi limene ankaponya kunja linali fumbi lokhalokha kuyambira pamwamba kufika pansi.

Ine kwathu ndi ku Nkhotakota. Ndinabwera kuno ku Kande ndili mtsikana, kudzachapa zovala za alendo pa loji ina, ndipo amuna angawo ankabwera kukhitchini kudzagulitsa nsomba. Tinakwatirana. Ndinaphunzira Chitonga chokwanira pamsika ndi pamaliro, ndinazolowera kondowole, nsima ya chinangwa, mpaka mgaiwa unayamba kundikanda pakhosi. Tinabereka ana atatu, anatsala mmodzi, wamkazi, amene anakwatiwa ku Usisya.

Nyumba yathu ili kumtunda kwa msewu wa tala. Kuseri kwake kuli munda wa chinangwa, ndipo mundawo umatsetsereka mpaka pa kadimba ka m'mbali mwa mtsinje. Mtsinjewo si waukulu. Umachokera m'mapiri a kumadzulo, n'kudutsa pansi pa msewu kukathira m'nyanja. Koma ife akazi sitingakhale popanda iwo, chifukwa chinangwa cha kuno, chimene eni ake amati chigawu, n'chowawa, sichidyeka osachiviika. Mayi aliyense anali ndi dzenje lake m'mphepete mwa madzi, lotchinga ndi miyala, loviikamo chinangwa chosenda mpaka chifewe, kenako n'kuchiyanika, n'kusinja ufa. Maenje abwino, a madzi oyera, anali m'munsi mwa dimba lathu, langa lili pamwamba pa onse, ndipo akazi a m'banja lonse ankadutsa pathu popita kumeneko.

Zaka zonse zimene ndinakhala kuno mtsinjewo unkachepa mu Novembala koma osauma, ndipo mvula ikagwa kawiri kapena katatu unkadzaza. Ngakhale mwana ankadziwa zimenezi. Chilala chitayamba unaduka maiwe maiwe. Chaka chachiwiri unauma. Chachitatu mbuzi zinkagona pamchenga pakati pake. Chinangwa tinkachita kusenza kupita nacho kunyanja, kapena kuviika m'migolo ndi madzi a pamjigo.

Kubanja kwa amuna anga kuli mwambo wawo. Mkazi wamasiye amavala zakuda, ndipo zovalazo savula yekha. Amamuvula ndi mayi wamkulu wa m'banjamo, n'kuzichapa mumtsinje umenewu, m'madzi oyenda, kuti za maliro zitsike nawo. Nyanja saiwerengera, amati madzi ake amapita n'kubwerera. A mpingo anayesapo kuletsa, anatopa, masiku ano amangobwera kudzapemphera zonse zitatha. Tsikulo lisanafike wamasiye ndi wa pamudzi, amagona m'nyumba ya mwamuna wake ndi kudya za m'munda mwake.

Amuna anga anali ndi mkulu wawo. Alamu angawa anakhala ku Joni zaka zambiri, ndipo chimene anabwerako nacho ndi jekete lachikopa, magalasi akuda ndi nsapato zosongoka. Jeketelo ankalivala ngakhale dzuwa likuswa mtengo, thukuta likuyenderera m'khosi. Khasu sindinawaonepo atagwira, bwato ankaliopa. Mng'ono wawo ali chigonere anabwera kudzazonda kamodzi, anaima pakhomo osalowa, n'kufunsa ngati wailesi ija ikulirabe. Koma pamaliro ndiwo analira kuposa tonse, magalasi ali kumaso.

Titameta, abale anakhala pansi pa mango kukamba za ine. Panalinso akuluakulu a mpingo awiri. Alamu anaimirira, n'kukonza kolala ya jekete.

"Ama," anatero, maso ali kwa a mpingo osati kwa ine, "munatisungira mbale wathu, yewo chomene. Koma mwana wamwamuna simunatisiyire. Malo ano ndi a atate athu. Kwanu ku Nkhotakota mpunga ulipo wambiri."

Mkulu wa mpingo mmodzi anapempha kuti andipatseko chaka ndione pogwira. Alamu anatambasula manja ngati mlaliki.

"Ada, chaka n'chachiyani? Ine si munthu wankhanza, ndaona mayiko ine. Mwambo ulipo. Mtsinje ukabwera, azakhali awavule zakuda, apite kwawo mwaulemu. Usanabwere, palibe wowakhudza, ngakhale ineyo. Ndanena pamaso panu."

Ena anawomba m'manja, ati alamu alankhula ngati munthu wamkulu. Ukulu wake unali wotchipa. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana kumapiri, ndipo aliyense pansi pa mangowo ankadziwa kuti mtsinje ndi nkhani ya masabata ochepa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti munda ndi dimba alamu anali atalonjeza kale kwa bambo wina wa ku Lilongwe, amene ankafuna malo a pamadzi kuti azilima masamba ogulitsa m'maloji.

Azakhali amene anatchulidwawo ndi mlongo wa apongozi anga aamuna, mayi wouma thupi, wa pakamwa powawa. Kuyambira tsiku la ukwati wanga sananditchulepo china koma "Mchewa uja". Kwa iwo sindinkayembekezera chifundo. Ndinayamba kumanga katundu. Mbale ndinalongedza m'dengu, mbuzi ndinatumiza uthenga kwa mwana wanga kuti adzatenge.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Novembala, masana, ndipo inagwa ngati ikubwezera. Nthaka inali itauma ngati simenti, madzi sanapeze polowera. Anathamanga pamwamba, atanyamula ndowe za mbuzi, majumbo ndi zinyalala za zaka zitatu, onse kukagwera mumtsinje. Ndinaumva uli kulira ndili m'nyumba. Nditasuzumira ndinaona madzi ofiira akukokolola nthambi, ndipo patsogolo pa nyumba alamu ankadutsa chothamanga, ambulera ili m'manja.

"Msinji waza! Msinji waza!" ankakuwa m'Chitonga khomo ndi khomo kuti mtsinje wabwera, ngati anaubereka ndi iwo.

Anauza azakhali kuti m'mawa mwake zonse zichitike. Kutacha ndinatsetsereka pamodzi ndi azakhali ndi akazi ena, nsalu yoyera yodzavala ili kukhwapa. Tinapeza mchenga wonyowa, thovu louma pamiyala, ndi nkhuku yakufa itakodwa pamuzu. Madzi panalibe ngakhale oti galu amwe.

Alamu anafika akupukuta magalasi. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi.

"Dzulo unayenda. Aliyense anauona."

"Dzulo," anatero azakhali. "Ndiye ndichape m'madzi a dzulo?"

"Koma azakhali, mawu anga anali akuti ukabwera. Unabwera."

"Iwe, unabadwira pano kapena ku Joni? Mtsinje umabwera ndikaika chigawu changa m'dzenje n'kudzachivuula chitafewa, madzi akadali pomwepo akuyenda. Za dzulozi ndi mkodzo wa phiri."

Akazi anaseka chobisa kukamwa ndi nsalu. Alamu anasekanso nawo, ati palibe vuto, mvula yangoyamba kumene, sabata yamawa tidzakumana pomwepa.

Mvula inagwadi. Disembala inagwa, Januwale inagwa, osati yowaza ayi, mvula yeniyeni yodontha nayo madenga. Udzu unafika m'chiuno. Chimanga cha anthu chinabiriwira, achule ankalira m'zithaphwi za mumsewu. Koma mtsinje unali mchenga. Ikagwa yamphamvu unkayenda pang'ono, wofiira, n'kutha dzuwa lisanapendeke. Kenako ngakhale zimenezo zinasiya, chifukwa nthaka itafewa pamwamba inayamba kumwa. M'munda mwanga munali ming'alu yoti phazi la mwana n'kulowa. Ndinkaima pakhonde n'kumaona madzi akutsika kuchokera kumtunda, akafika pa ming'alupo n'kulowa, kumamveka ngati munthu akumeza.

Tsiku lina ndinatsagana ndi akazi anzanga kukafuna bowa kuphiri, ndipo tinadutsa pa kasupe wa pansi pa mkuyu, pamene mtsinjewo umayambira. Kale pamenepo munthu sukanaponda osamira mpaka m'bondo. Tinapeza masamba ouma ndi nyerere. Nditabwerera ndinakumba dzenje kuseri kwa nyumba kuti ndibzale nthochi. Dothi linali lonyowa mpaka m'chigongono. Kupitirira apo linali fumbi, lomwe lija ndinaliona kumanda.

Ine sukulu ndinalekeza msanga, za madzi a pansi pa nthaka sindinganene zambiri. Koma ndinadwazika munthu chaka chathunthu. Wodwala amene wakhala nthawi yaitali osadya, ukamupatsa phala, silioneka m'thupi mwake. Umamudyetsa lero, mawa, mkuja, nthiti zili panja chikhalire, chifukwa phalalo likukalipira kaye ngongole za m'kati. Phiri lathu linali choncho. Linkamwa, osatsala oti lipatse mtsinje.

Ndinamasula dengu la mbale. Ndinatenga khasu la amuna anga, ndinaunga mitumbira, n'kubzala mitengo ya chinangwa munda wonse mpaka kumalire. Alamu anandipeza ndili wowerama.

"Ama, mukubzala? Mudzadya ndinu?"

"Ndikubzala, alamu. Mtsinje wanu ukabwera mudzandiuza."

Kuyambira pamenepo munthuyo anapeza ntchito koyamba m'moyo wake. M'mawa uliwonse ankatsetsereka kumtsinje, n'kuima pamwala, manja m'matumba a jekete, kuyang'ana mchenga ngati munthu wodikira minibasi. Akapeza chithaphwi ankaponyamo tsamba kuti aone ngati liyende. Tsiku lina analiuzira ndi pakamwa, akuyesa kuti palibe womuona. Ndinali m'dimba, ndinaona.

Kenako anaganiza nzeru za ku Joni. Anasonkhanitsa anyamata a pa bawo, anawalonjeza kachasu, kuti akumbe ngalande yochokera mu dreni ya msewu kukagwera mumtsinje pafupi ndi maenje athu. Anakumba, alamu akuloza ndi ambulera. Mvula itagwa, mudzi wonse unapita kukaonerera. Madzi anatsikadi mungalandemo, akuda ndi oyilo wa magalimoto, anagwera pamchenga, anayenda pang'ono ngati njoka yotopa, n'kulowa pansi. Alamu anatsikira pomwepo kuti akankhe mchenga ndi phazi, nsapato yosongoka ija n'kutsalira m'matope.

"Ada," anakuwa mayi wina wogulitsa usipa, "bwanji mukatunge kunyanja ndi jeketelo muzidzathira? Chikopa sichidontha!"

"Asiyeni," anayankha wina, "akuthirira mchenga kuti umere."

Munthu wotere akachita manyazi safuna kuti akhale ake. Madzulo omwewo zinayamba kumveka kuti Mchewa uja wamanga mtsinje ndi mankhwala a kwawo. Ati ndinakwirira mphika pa kasupe. Ena amene ndinkadya nawo m'mbale imodzi anayamba kuitana ana awo ndikamadutsa. Alamu anabwera kudzanena okha pakhomo panga, anthu akumva.

"Ama, masulani zimene mwamanga. Mukuzunza mudzi wonse chifukwa cha kamunda."

Ndinali kusenda chinangwa. Sindinaimirire.

"Alamu, ndikanakhala ndi mankhwala omanga mtsinje, ndikanayamba ndamanga matenda a mng'ono wanu. Paja munaima pakhomo lomweli, munaona mmene analili."

Anatembenuka n'kupita. Mphekeserazo sizinathe tsiku lomwelo, koma zinafooka anthu obwera kuchokera ku Sanga ndi ku Bandawe atanena kuti timitsinje ta kwawonso tili chimodzimodzi, mvula ikugwa koma tosayenda. Zinali zovuta kunena kuti mayi mmodzi wovala zakuda wazungulira mapiri onsewo ndi miphika.

Mu Malichi, mvula ili pachimake, bambo wa ku Lilongwe uja anabwera pa galimoto kudzaona malo ake. Anali munthu waulemu, wovala majombo atsopano. Anandipatsa moni wa kwathu, wa Chichewa chosasakaniza, mpaka mtima unandiwawa pang'ono. Alamu ankayenda patsogolo pake, akumuonetsa pomanga thanki, poika mpanda wa waya, podzala letesi. Atafika kumtsinje bamboyo anaima. Kunkawaza. Anatola kamtengo n'kubaya mchenga.

"Mayi," anatembenukira kwa ine, "mtsinje uwu umayenda liti?"

"Kale unkayenda chaka chonse, bambo."

"Nanga mvula yonseyi ikupita kuti?"

"Funsani alamu anga, ndiwo anaona mayiko."

"Sabata yamawa, bwana," anatero alamu. "Ukungochedwa pang'ono chaka chino."

Bamboyo anayang'ana mchenga, anayang'ana mitambo, anayang'ana alamu kuyambira ku magalasi mpaka ku nsapato. Anati akaganiza kaye. Sitinamuonenso.

Mvula inatha mu Meyi. Chimene inatisiyira ndi timaiwe tiwiri titatu tosalumikizana, tobiriwira, timene tinauma nyengo yozizira isanathe. Azakhali sanaikemo n'komwe chinangwa.

Ndisaname kuti zinandikomera. Ndinalowanso m'chilimwe china ndili m'zakuda. Diresi linasuluka m'mapewa, ndinalisoka mpaka panalibenso posoka. Wovala zakuda saimba kutchalitchi, sapita ku ukwati, sagona kunja kwa mudzi. Mwana wanga anachira ku Usisya, mdzukulu ndinamuona pa foni ya mnzanga basi. Ku loji kumene ndinkapezako ganyu yochapa anati alendo sakondwa kuona munthu wa maliro. Ndipo chinangwa ndinkasenza kupita nacho kunyanja ngati wina aliyense, khosi likuwawa, kuwoloka msewu, kubwerera nacho chonyowa chikudontha kumsana. Ndikamakwera chitunda ndi mtolowo ndinkaufuna mtsinje ndi mtima wonse. Ndikafika pakhomo n'kuona nyumba, ndinkauopa.

Dzinja lotsatira mvula sinachuluke ngati ya chaka chapitacho. Inkagwa mwakachetechete, kupuma, kugwanso. Anthu anati ngati ija yamphamvu inalephera, iyi ndiye ingatani. Ngakhale alamu anali atasiya kupita pamwala wawo. Koma mu Januwale, m'mawa wina kunja kuli ngwee, kopanda mtambo, ndinapita kudimba kukathyola chisoso ndipo ndinaona mchenga ukunyezimira. Madzi ankatuluka pansi pa gombe, oyera, ochepa ngati ulusi. Phiri linali litakhuta.

Sindinauze munthu. Panalibe chifukwa, maso aliyense ali nawo. Ulusiwo unakula, maiwe anagwirana, mpaka madzi anayamba kumveka pamiyala. Sunabwerere mmene unalili kale. Pamene tinkawoloka titakwinya nsalu, tsopano mwana amangodumpha, ndipo mpaka lero uli choncho. Koma unkayenda usana ndi usiku, mvula igwe isagwe. Azakhali anakonza miyala ya dzenje lawo, anaikamo chinangwa, ndipo atachivuula chinali chofewa. Ananditumira uthenga kuti ndikonzeke.

Anandivula diresi lija kuseri kwa bango, akazi atatchinga ndi nsalu. Manja awo anali aukali monga pakamwa pawo. Anandithira madzi ozizira kumutu, analichapa diresilo pamwala mpaka linang'ambika pakati, n'kuliponya pa chitsamba. Ndinalira pamenepo kuposa tsiku la maliro. Amuna anga ankakonda kukhala pamwala umenewo akamatsuka maukonde a usipa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinalira iwowo, osati nyumba.

Masana tinakhalanso pansi pa mango. Alamu anali atapukuta jekete ndi mafuta ophikira, linkanyezimira ndipo ntchentche zinkalitsata. Anati mawu awo akwaniritsidwa, iwo asunga mwambo mpaka mapeto, tsopano ama anyamuke.

Azakhali analavula, n'kuloza kuseri kwa nyumba.

"Icho n'chiyani?"

"Chinangwa, azakhali."

"Anabzala ndiwe?"

Alamu anayamba kukonza kolala ya jekete.

"Pamudzi pano sitinathamangitsepo munthu chakudya chake chili m'nthaka. Mchewayu adzapita chinangwa chake chikadzatha m'munda."

Akazi anawerama, mapewa akugwedezeka. Kuno chinangwa sitikolola tsiku limodzi ngati chimanga. Umakumba phata limodzi kapena awiri a chakudya cha sabata imeneyo, mtengo wake umadula n'kubzala pomwepo. Ukamafika kumapeto kwa munda, koyambirira kwakhwima kale. Munda wa chinangwa sutha, pokhapokha mwini wake atafa kapena atakhala waulesi. Alamu ankadziwa zimenezi, ngakhale iwo. Anayang'ana a mpingo, a mpingo anayang'ana pansi. Wogula analibe, ndipo kulimbana ndi azakhali chifukwa cha munda woti ukafuna khasu sikunali kwawo. Anati iwo ndi munthu wamtendere, n'kukhala pansi.

Ndinagwada kuti ndithokoze. Azakhali anandiletsa ndi dzanja.

"Sindinathe. Dimba lija mulibe chinangwa. Limenelo likubwerera kubanja, ndizilima ine. Ndi dzenje lako lija la pamwamba, undichotsere miyala yako."

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa. Mayiyo sankateteza ine, ndipo mwambo sunali kuwawawa mtima chotero. Anamva za mpanda wa waya umene bambo wa ku Lilongwe uja akanaika kuzungulira maenje, ndipo dimba la pamadzi ankalisirira kuyambira apongozi anga ali moyo. Alamu ankafuna kuba mothamanga, azakhali anadikira madzinja awiri n'kutenga mbali yonona pamaso pa a mpingo, anthu n'kuwaombera m'manja. Ndinathokozabe, chifukwa ndinali nditagwada kale.

Ndikukhalabe m'nyumba ya amuna anga. Masamba ndimagula kwa azakhali, a m'dimba limene ndinathira manyowa ndi manja anga, ndipo sandiwonjezera ngakhale tsamba limodzi. Chinangwa ndimaviika kumunsi kwenikweni, pafupi ndi msewu, kumene madzi amafika atadutsa m'maenje a onse. Mundawo sunathe. Dzulo ndakumba mapata awiri, ndabzala anayi.